Kuchoka ku sekondale kupita ku koleji: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene ophunzira a chaka chomaliza cha sekondale amafunsa mobwerezabwereza, ndipo limodzi ndi la makolo awo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koleji ndi koleji, choncho paliponse pamene tatchula lamulo, kawerengeninso la koleji yanuyo.

Kodi ku koleji n'kosiyana bwanji kwenikweni ndi ku sekondale?

Ambiri amayankha kuti maphunziro ake ndi ovuta. Ndi ovutadi, koma si chimene chimagwetsa anthu ambiri chaka choyamba. Chimene chimasinthiratu n'chakuti palibenso wokulondolani. Ku sekondale belu limakuuzani nthawi yolowa, mphunzitsi amaitana mayina, mukajomba masiku awiri nkhani yafika kale kwa makolo. Ku koleji mutha kukhala ndi makalasi awiri okha tsiku lonse, ina m'mawa ina madzulo, ndipo maola onse apakatiwo ndi anu. Mukagona, palibe adzagogode pachitseko. M'holo ya anthu mazana atatu, lekichala sangadziwe n'komwe kuti simunabwere.

Chinanso ndi liwiro. Semesita kawirikawiri imakhala ya masabata pafupifupi 15, ndipo lekichala sabwerera m'mbuyo chifukwa choti ena sanamve. Malikisi amachokera pa ntchito zowerengeka: asainimenti imodzi kapena ziwiri, mayeso apakati, ndi mayeso omaliza. Motero munthu amatha mwezi wathunthu akuona ngati zonse zili bwino, pamene anatsalira kalekale. Palibe chomuchenjeza mpaka pepala loyamba litabwerera.

Ndidakali m'chaka chomaliza. Ndiyambe liti kukonzekera?

Panopa, koma osafika poiwala mayeso amene ali kutsogolo kwanu, poti ndi omwewo adzakutsegulireni khomo. Chofunika pakali pano ndi pepala limodzi lolembapo masiku: tsiku lomaliza kutumiza mafomu ku koleji iliyonse imene mukuifuna, tsiku lomaliza kufunsira thandizo la fizi, ndi zikalata zimene aliyense akufuna. Masiku awiriwa kawirikawiri sagwa pamodzi. Ambiri amataya sikolashipu poganiza kuti adzafunsira akasankhidwa, osadziwa kuti nthawi yake inatha miyezi ingapo m'mbuyomo.

Ngati mafomu akufuna kalata yokuchitirani umboni, pemphani mphunzitsi kudakali milungu ingapo, sukulu isanatsekedwe. Sankhani amene amakudziwani, osati amene ali ndi udindo waukulu. Mphunzitsi amene angalembe zimene anakuonani mukuchita m'kalasi amakuthandizani kuposa mkulu wa sukulu amene akungodziwa dzina lanu.

Palinso zina zimene sizibwera pa mayeso: kutaipa pa kompyuta mosafufuza zilembo, kulemba imelo yaulemu, kuchapa, kudziphikira, kudzuka popanda wokudzutsani. Chomalizachi yambani mwezi uno.

Sindikudziwa kosi yoti ndisankhe, koma makolo anga asankha kale yawo. Ndimvere ndani?

Choyamba, musasankhe kosi chifukwa dzina lake likumveka bwino. Pitani pa tsamba la koleji mukawerenge maphunziro amene ali m'kosiyo chaka ndi chaka. Ofuna uinjiniya amadabwa kupeza kuti poyambira pake ndi masamu ndi fizikisi ochuluka, osati makina. Ofuna sayikoloje chifukwa amakonda kumvetsera mavuto a anzawo amakakumana ndi sitatisitikisi. Kudzifunsa kuti "ndimakonda chiyani" n'kwabwino, koma sikukwanira. Dzifunseninso kuti ndi ntchito yotopetsa iti imene mungaipirire, chifukwa kosi iliyonse ili ndi mbali yake yotopetsa, ndipo mbali imeneyo ndi imene imatenga maola ambiri.

Kenako pezani munthu amene akugwira ntchitoyo, makamaka amene wamaliza sukulu posachedwa, mumufunse mmene tsiku lake limayendera kuyambira m'mawa. Musamufunse ngati ntchito yake ndi yabwino. Aliyense amati inde.

Kunena za makolo, nkhawa yawo ndi yomveka: akufuna mudzapeze ntchito, mudzadziimire panokha. Kuwayankha kuti "moyo ndi wanga" kumangotseka makutu awo. Afikireni ndi zimene mwafufuza: kosi ndi iyi, imatenga zaka zakuti, omaliza amagwira ntchito zakutizakuti. Komabe, kosi ya zaka zinayi kapena kuposerapo imene mtima wanu ukuikana kotheratu n'njovuta kuimaliza, ndipo wodzakhala m'kalasimo ndinu. M'makoleji ambiri kusintha kosi n'kotheka, makamaka chaka choyamba chisanathe, koma funsani malamulo ake musanalowe. Kwina ndi nkhani ya fomu imodzi, kwina mumayambiranso.

Ndingadziwe bwanji kuti koleji ndi yovomerezeka?

Pafupifupi dziko lililonse lili ndi bungwe kapena unduna wovomereza makoleji, ndipo umatulutsa mndandanda wa ovomerezekawo. Fufuzani pa mndandanda umenewo, osati pa tsamba la kolejiyo, chifukwa wachinyengo sadzineneza yekha. Yang'anani zinthu ziwiri: kolejiyo, ndiponso kosi yeniyeniyo. Zimachitika kuti koleji ndi yovomerezeka koma kosi yatsopano imene yayamba sinavomerezedwe. Pa ntchito monga unamwino, udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya pamakhalanso bungwe la ntchitoyo lopereka chilolezo. Ngati siliizindikira digiri yanu, simugwira ntchitoyo ngakhale mutakhoza bwanji.

Chenjerani ndi koleji yolonjeza digiri m'miyezi yochepa, yokupatsani malo isanaone zotsatira zanu, yokukakamizani kulipira lero lomwe, kapena youza kuti mutumize ndalama ku akaunti ya munthu. Zithunzi za nyumba zonyezimira pa intaneti zisakutengeni mtima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndasankhidwa. Ndiye kuti chatsala n'kungodikira tsiku lotsegulira?

Ayi, ndipo apa m'pamene ena amagwera atawoloka kale. Ku United States ofufuza awiri, Benjamin Castleman ndi Lindsay Page, anatsatira ophunzira amene anasankhidwa, navomera malo, koma osaoneka tsiku lotsegulira. Anapeza kuti zowalepheretsa zinali tizinthu ta pakati pa sekondale ndi koleji: fomu yosabwezedwa, kalata ya fizi imene sanaimvetse, malo ogona amene sanalembetse. Mauthenga achidule a pafoni owakumbutsa zoyenera kuchita anathandiza ena mwa iwo kufika. Vuto lake n'lakuti nthawi imeneyi aphunzitsi a ku sekondale mwasiyana nawo, pamene a ku koleji simunadziwane nawo.

Werengani kalata yokuitanani mpaka kumapeto, kawiri. Yankhani kuti mwavomera malo tsiku lake lisanadutse. Lembetsani malo ogona msanga, chifukwa sakwanira onse. Tsegulani imelo tsiku lililonse, kuphatikizapo bokosi la mauthenga osafunika, kumene makalata a koleji amakonda kugwera. Zikalata zanu zonse, monga satifiketi, chiphaso chobadwira ndi khadi la katemera, zijambuleni musunge pa intaneti, ndipo musapereke chenichenicho kwa munthu popanda risiti.

Sabata yolandira ophunzira atsopano musaijombe, ngakhale zokamba zina zikhale zogonetsa. Ndi pamene mumadziwa khomo la ofesi iliyonse imene mudzaifune zinthu zikadzavuta.

Sikolashipu, thandizo ndi ngongole zimasiyana bwanji?

Sikolashipu ndi thandizo la ovutika sizibwezedwa, koma kawirikawiri zimakhala ndi malamulo: kuti magiredi anu asatsike pa mlingo wakuti, kapena kuti mukamaliza mukagwire ntchito kwa amene anakulipirirani kwa zaka zingapo. Funsani ngati ndi za zaka zonse kapena chaka choyamba chokha, ndiponso ngati zikulipira fizi yokha kapena ndi malo ogona ndi mabuku omwe.

Ngongole imabwezedwa, ndipo musanasaine dziwani zinthu zitatu: chiwongoladzanja chake, tsiku limene chimayamba kuwerengedwa, ndi tsiku limene muyenera kuyamba kubweza. Chachiwiricho ndi chimene ambiri sachifunsa. Ngongole zina zimayamba kubereka mudakali pasukulu. Pali kawerengedwe kachidule: gawani 72 ndi chiwongoladzanja cha pachaka, mupeza zaka zimene ngongole yosabwezedwa imatenga kuti ikhale kawiri. Pa 10 peresenti ndi zaka pafupifupi 7. Ngongole ya sukulu si yoipa. Yathandiza anthu osawerengeka amene sakanaphunzira. Choipa n'kusaina pepala limene simunaliwerenge. Ndipo sikolashipu yofuna kuti inu mulipire kaye kuti mulandire, imeneyo ndi mbava.

Ndalama za m'thumba ndizisamala bwanji kuti zisathe semesita isanathe?

Tsiku limene mwalandira, chotsani kaye zosasinthika: malo ogona, mabuku, ulendo wobwerera kunyumba. Zotsalazo gawani ndi masabata a semesita, muonjezerepo awiri. Chimene mwapezacho ndicho chuma chanu cha pasabata, osati chonse chili mu akaunti. Mwezi woyamba ndi woopsa, chifukwa aliyense amaoneka ngati ali nazo ndipo safuna kutsalira. Mabuku musagule onse musanalowe m'kalasi. Ena ali mu laibulale, ena akugulitsidwa ndi a chaka chachiwiri, ena lekichala sadzawatchulanso.

Makirediti ndi GPA n'chiyani?

Kirediti ndi muyeso wa kulemera kwa phunziro. Ku United States kirediti imodzi imaimira ola limodzi m'kalasi ndi maola osachepera awiri owerenga panokha sabata iliyonse, kwa masabata pafupifupi 15. Ku Ulaya, m'ndondomeko ya ECTS, chaka chathunthu ndi makirediti 60, ndipo kirediti imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito yonse. Kuti mulandire digiri muyenera kukwanitsa chiwerengero china cha makirediti.

GPA ndi avereji ya magiredi anu. Pa sikelo yofala, A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi 0, koma giredi iliyonse imachulukitsidwa ndi makirediti a phunzirolo. Mukapeza C pa phunziro la makirediti 4 ndi A pa la makirediti 2, GPA yanu si 3.0 monga mungaganizire, koma 2.67. Phunziro lolemera limakoka kwambiri. Dziwaninso kuti magiredi a chaka choyamba m'makoleji ambiri amalowa m'chiwerengerocho, ndipo avereji ikatsika koyambirira imavuta kukweza. Makoleji ena sagwiritsa ntchito GPA konse, amagawa madigiri m'magulu potengera maperesenti. Zonsezi zimalembedwa m'buku la malamulo a ophunzira.

Ndiziwerenga maola angati?

Tengani chiwerengero cha m'funso lapitali. Ngati muli ndi maola 15 a m'kalasi pasabata, onjezani 30 owerenga panokha. Pamodzi 45, kutanthauza kuti sukulu ndi ntchito ya tsiku lonse, ngakhale ndandanda ya makalasi ikuoneka yamipatamipata. Masabata ena simudzafika pamenepo, ena mudzapitirira. Chachikulu n'chakuti mipata ya masana ija muziyiona ngati nthawi ya ntchito. Amene amawerenga pakati pa makalasi amakhala ndi madzulo omasuka. Amene amati adzawerenga usiku amapeza kuti usiku uli kale ndi eni ake.

Sabata yoyamba lekichala aliyense amapereka pepala lofotokoza phunziro lake: mitu, mabuku, masiku a mayeso, kagawidwe ka malikisi. Koperani masiku onsewo pa kalendala imodzi. Mudzaona nthawi yomweyo masabata amene ntchito zitatu zagundana, ndipo imodzi mudzaiyamba msanga.

Ku sekondale ndinkangowerenga manotsi kangapo n'kukhoza. Sizikwanira?

Kawirikawiri sizikwanira, ndipo ili ndi funso lofunika kuliganizira bwino. Kuwerenga chinthu chomwecho kangapo kumanyenga. Mawu amayamba kuoneka odziwika, ndiye mumaganiza kuti mwawadziwa. Koma kuzindikira chinthu chili pamaso panu ndi kuchitulutsa m'mutu buku lili lotseka ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mayeso amafuna yachiwiriyo.

Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira ndime zoti awerenge. Ena anawerenga mobwereza, ena anawerenga n'kutseka pepala, n'kulemba zonse zimene akukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi 5, obwereza aja anapambana. Atayesedwa patapita sabata, zinatembenuka: odziyesa aja ndi amene anakumbukira zambiri. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira 10 zowerengera zimene ophunzira amakonda. Ziwiri ndi zimene zinapezeka zothandiza kwambiri: kudziyesa, ndi kugawa kuwerenga m'masiku angapo. Kudula mizere ndi cholembera chowala komanso kuwerenga mobwereza zinali m'gulu lapansi.

Za kugawa masikuzi si zatsopano. Kale mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira atangophunzira chinthu, ndipo kuchibwereza patapita nthawi kumachedwetsa kuiwalako. Choncho ola limodzi lero, lina mkucha, lina sabata yamawa, zimaposa maola atatu usiku woti mawa ndi mayeso.

Pochita zimenezi, tsekani buku, tengani pepala losalembapo, lembani zimene mukukumbukira, kenako tsegulani muone pamene mwaphonya. Fufuzani mapepala a mayeso akale muwayankhe mukuyang'ana wotchi. Fotokozerani mnzanu mutu wina osayang'ana manotsi. Pa masamu ndi sayansi, kuwerenga chitsanzo chimene wina wasova kale si kuphunzira; sovani nokha. Njira zimenezi zimatopetsa ndipo zimakuonetsani umbuli wanu, n'chifukwa chake ambiri amazithawa. Koma ndi bwino kuuona umbuliwo m'chipinda mwanu kusiyana ndi kukauona m'holo ya mayeso.

Dziwaninso kuti mafunso a ku koleji safuna kungotchula zinthu. Amati yerekezerani, tsutsani, gwiritsani ntchito mfundoyi pa vuto ili limene simunalionepo. Woloweza amasowa pogwira funso likangosintha nkhope.

Lekichala amalankhula mofulumira. Manotsi ndilemba bwanji?

Musayese kulemba liwu lililonse. Werenganiko mutuwo musanalowe, ngakhale mphindi 15, kuti muzidziwa zimene zili kale m'buku, muzilemba zokhazo zimene mulibe: zitsanzo, zifukwa, ndi pamene lekichala watsindika. Njira imene Walter Pauk anayambitsa ku Cornell University m'zaka za m'ma 1950 ikugwirabe ntchito: gawani tsamba, kumanja kwakukulu mulembe manotsi, kumanzere kochepa mulembe mafunso mukatuluka, pansi chidule cha mizere iwiri. Mukaphimba kumanja, mafunso aja asanduka mayeso anu, monga tafotokozera m'funso lapitali.

Ndimachita mantha kupita kwa lekichala. Sadzandiona ngati wopepera?

Malekichala ambiri amakhala ndi maola amene anapatula kuti ophunzira azibwera ku ofesi, ndipo nthawi zambiri amangokhala okha mpaka sabata ya mayeso. Amene amabwera amakumbukiridwa, ndipo ndi omwewo amene amadzapeza wowalembera kalata yaumboni pofunsira ntchito. Safunsa anadya phula.

Kungoti pitani ndi funso lenileni. Mukati "sindikumva chilichonse", n'kovuta kukuthandizani. Koma mukati "ndayesa funso lachitatu, ndafika apa, ndipo sindikuona chifukwa chake chizindikirochi chasintha", mphindi zisanu zikwana. Polemba imelo, gwiritsani ntchito adiresi ya sukulu, tchulani dzina lanu lonse ndi phunziro, perekani moni mwaulemu, ndipo musafunse chimene chalembedwa kale pa pepala la sabata yoyamba lija. Ngati mukuona kuti simumaliza asainimenti chifukwa cha matenda kapena vuto kunyumba, nenani tsiku lisanafike. Pempho lomwelo likabwera tsiku litadutsa limamveka ngati bodza, ngakhale lili loona.

Kodi kukopera pa intaneti kapena kugwiritsa ntchito ChatGPT ndi kubera?

Kutenga mawu kapena maganizo a munthu wina osamutchula ndi mlandu waukulu ku koleji, ndipo chilango chake chimayambira pa kupatsidwa ziro mpaka kuchotsedwa sukulu. Kusintha mawu awiri atatu m'chiganizo sikukupulumutsani. Makoleji ambiri amadutsitsa ntchito mu pulogalamu monga Turnitin, imene imayerekezera zimene mwalemba ndi mabuku, masamba a pa intaneti ndi ntchito za ophunzira ena. Kubwereka mnzanu ntchito yanu kuti "angoonako" kumakulowetsani nonse awiri m'madzi. Phunzirani msanga katchulidwe ka magwero kamene dipatimenti yanu imafuna, kaya APA, Harvard kapena kena. Pulogalamu yaulere ya Zotero imathandiza kusunga zimenezi.

Za ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu imene inatuluka mu Novembala 2022, ndi mapulogalamu ena otere, malamulo sanafanane. Lekichala wina amalola pa ntchito zina bola munene, wina amaletseratu. Funsani pa phunziro lililonse. Dziwaninso kuti mapulogalamuwa amatha kupeka mabuku ndi olemba amene kulibe, n'kuwatchula molimba mtima. Ndipo ngakhale musagwidwe, asainimenti ndi pamene mumaphunzirira kuganiza. Mukaipereka kwa makina, tsiku la mayeso mudzalowa nokha.

Ndidzagona chipinda chimodzi ndi munthu wosamudziwa. Tikapanda kugwirizana?

Si lamulo kuti mukhale mabwenzi. Chofunika n'kulemekezana. Kambiranani sabata yoyamba, musanayambane: magetsi azizima nthawi yanji, alendo azifika mpaka liti, n'chiyani chobwerekana ndi chosabwerekana, kusesa ndi kwa ndani tsiku liti. Zimaoneka zochititsa manyazi kukamba zimenezi ndi munthu amene mwangodziwana naye, komatu n'zopepuka kusiyana ndi kudzazikamba mwezi wachitatu mutakwiya. Chikakuwawani, muuzeni mwini wake, osati gulu la pa WhatsApp. Zikakanika, kapena ngati pali kuba ndi kuopsezana, pitani kwa woyang'anira hositelo.

Nanga ndikakapukwa, kapena kuona ngati ine si wa kumeneko?

Zidzachitika, ndipo mudzaganiza kuti ndinu nokha, chifukwa anzanu onse adzaoneka osangalala. Iwonso akukuonani inu chimodzimodzi. Gregory Walton ndi Geoffrey Cohen anafalitsa mu 2011 kafukufuku amene ophunzira a chaka choyamba anawerenga zimene ophunzira anzawo a makalasi apamwamba pasukulupo ananena, zoti nawonso poyamba ankadziona ngati alendo koma zinatha. Zinangotenga ola limodzi, koma kwa ophunzira akuda a ku America, amene anali ochepa pa yunivesiteyo, magiredi anakwera pa zaka zitatu zotsatira. Chinasintha si nzeru zawo, koma kamasuliridwe ka tsiku loipa: analeka kuliona ngati umboni woti sakuyenera kukhalapo. Amene ndi oyamba m'banja mwawo kufika ku koleji, komanso amene anazolowera kukhala nambala wani, mfundo imeneyi aisunge.

Lowani gulu limodzi kapena awiri okumana sabata iliyonse, kaya la masewera, kwaya, mapemphero kapena mtsutso. Ubwenzi umabwera chifukwa choonana kawirikawiri, osati chifukwa chousakasaka. Imbani foni kunyumba, koma musamathawire kumeneko mapeto a sabata iliyonse m'miyezi yoyambirira, chifukwa ndi masiku amene anzanu akudziwana.

Kupukwa kumachepa pakapita nthawi. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwataya chidwi pa chilichonse, simukugona kapena mukungogona, simukudya, kapena mukuganiza zodzivulaza, kumeneko si kupukwanso. Pitani kwa mlangizi wa pasukulu kapena kuchipatala, ndipo ngati ndi maganizo odzipha, uzani munthu tsiku lomwelo.

Za thanzi ndikonzekere chiyani?

Tulo poyamba. Akatswiri a za tulo amati a zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10, akuluakulu osachepera 7. Ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira pamene mukugona, choncho kuchezera usiku wonse kumakulandani zomwe mumafuna kusungazo. Kafeini wa mu khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lichoke m'thupi. Wa madzulo amakhala akugwirabe ntchito pakati pa usiku.

Funsani za katemera amene koleji imafuna. Matenda oumitsa khosi amafala mosavuta pamene achinyamata agona mothithikana, ndipo amatha kupha m'maola 24. Mnzanu akatentha thupi, mutu n'kumamupweteka kwambiri, khosi n'kuuma, musadikire kuti kuche. Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, dziwani kumene muzikawatenga musananyamuke. Ngati muli ndi ulumali, lembetsani ku ofesi yoona zimenezi semesita isanayambe, kuti zofunika monga nthawi yoonjezera pa mayeso zikonzedwe.

Mowa, maphwando ndi zibwenzi, ndizipeweretu?

Zimenezo mudzasankha nokha, potsatira malamulo a dziko ndi chikumbumtima chanu. Kukana n'kololedwa, ndipo osamwa ndi ambiri kuposa mmene phokoso la omwa limaonetsera. Mukapita kokasangalala, pitani ndi anzanu, mubwerenso nawo onse, ndipo chakumwa chanu musachisiye poti simukuchiona. Munthu woledzera kapena wogona sangavomereze zogonana, ndipo amene anavomera dzulo ali ndi ufulu wokana lero. Ngati mwagwiriridwa kapena mwagonana mosadziteteza, thamangirani kuchipatala: mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28.

Wogwira ntchito pasukulu akakufunani chibwenzi posinthana ndi malikisi, wolakwa ndi iye. Sungani mauthenga ake, lembani masiku, uzani munthu wodalirika, ndipo kanenani ku ofesi yoona za ophunzira.

Ndine kholo. Ndingathandize bwanji mwana wanga osamupanikiza?

Gwirizanani asananyamuke za ndalama zimene muzitumiza ndi tsiku lake, komanso nthawi yoimbirana. Akaimba akudandaula, mvetserani kaye, kenako mufunseni amene wamuuza kusukuluko. Kumuimbira lekichala m'malo mwake sikuthandiza, ndipo m'mayiko ena lamulo sililola koleji kukuuzani magiredi a mwana wamkulu popanda chilolezo chake. Chachikulu, adziwe kuti akalephera akhoza kukuuzani. Ana ambiri amabisa vuto laling'ono poopa kukhumudwitsa makolo, mpaka litakula.

Ndikufuna kukaphunzira kunja kwa dziko. Chimaonjezereka n'chiyani?

Nthawi. Yambani kudakali chaka chathunthu. Pezani pasipoti msanga. Ngati akufuna umboni wa Chingelezi, mayeso a IELTS ndi TOEFL amagwira ntchito zaka 2 zokha, ndipo mayunivesite ambiri amafuna IELTS ya pakati pa 6 ndi 7 pa 9. Ku Britain mafomu a digiri yoyamba amadzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu a mayunivesite, kumene mungasankhe makosi osapitirira 5. Ku United States makoleji ambiri amalandira fomu imodzi ya pa intaneti yotchedwa Common App. Pofunsira viza muyenera kuonetsa kuti ndalama zolipirira ndi zokhalira zilipo. Musadalire kuti mukadzilipirira ndi ganyu: ku Britain ndi ku United States wophunzira wakunja amaloledwa maola osapitirira 20 pasabata sukulu ili m'kati, ndipo ku United States chaka choyamba ntchitoyo iyenera kukhala ya pasukulu pomwepo. Za kuvomerezeka kwa koleji, onani funso lachinayi, ndipo funsaninso ngati digiriyo idzazindikiridwa kumene mukufuna kudzagwira ntchito.

Ndalephera mayeso oyamba. Ndiye kuti zanga zada?

Ayi. Katengeni pepalalo, mupite nalo kwa lekichala, muone pamene malikisi anathawira. Kusadziwa mutu, kusamvetsa funso ndi kuperewera nthawi ndi matenda atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Werengerani malikisi amene atsala kuti mudziwe chimene mukufunika kupeza pa mayeso omaliza. Kenako bwererani ku mafunso a maola ndi njira zowerengera, musinthe chinthu chimodzi chooneka sabata yomweyo.

Zinthu zikafika povuta kwambiri, ndikhoza kuima kaye?

M'makoleji ambiri n'zotheka, bola mutsate njira yake. Pamakhala tsiku limene mungasiye phunziro limodzi osalembedwa kuti mwalephera, ndipo likadutsa tsikulo giredi imalowa. Pamakhalanso fomu yopempha kuima semesita kapena chaka chifukwa cha matenda, imfa m'banja, pathupi kapena kusowa fizi, malo anu n'kusungidwa. Musanasaine, funsani ku ofesi ya zachuma mmene zikhudzire sikolashipu kapena ngongole yanu, chifukwa zina zimafuna kuti makirediti anu asachepere pa mlingo wina, ndipo ngongole zina zimayamba kubwezedwa mukangoima. Wophunzira wakunja afunsenso za viza yake. Choopsa n'kungosowa osauza munthu: maphunziro onse a semesita imeneyo amalembedwa kuti mwalephera, fizi imawerengedwabe, ndipo pobwerera mumayamba ndi kuchonderera komiti. Chilichonse chimene mwagwirizana ndi ofesi, pemphani kuti chilembedwe, musunge kope lanu.